Kodi Mumadziwa? Penti Amatha Kujambula Yekha

Kodi mumadziwa kuti pali anthu ojambula zithunzi zokoloweka m'nyumba zapamwamba koma burashi saigwira n'komwe? Amasungunula penti wa acrylic m'timakapu, n'kumukhuthulira pachinsalu, kenako amapendeketsa uku ndi uku mpaka mitundu itayenderera yokha. Kuthirako nthawi zambiri sikutenga ngakhale mphindi 10.

Musavutike n'kufunsa kuti ajambula chiyani. Mulibe nkhope, mulibe mtengo, mulibe phiri. Muli mitundu yokhayokha, mizere yokhotakhota ndi timaso tozungulira tomwe eni lusoli amati maselo. Mwini wake atabwereza ndi makapu omwewo ndi penti yemweyo, zithunzi ziwiri zofanana sangazitulutse, ngakhale atathira maulendo 1,000.

Mwina mukuti ndi fashoni ya pa YouTube? Ayi ndithu: mu 1936 David Alfaro Siqueiros, katswiri wa ku Mexico wojambula pamakoma, anatsegula malo oyeserera luso ku New York, ndipo ankathira penti pamwamba pa penti mnzake pathabwa logonekedwa pansi. Apo n'kuti kutatsala zaka 69 kuti YouTube ibadwe.

Penti wakeyo sanali wa m'timachubu todula ta akatswiri ayi, anali wopopera magalimoto. Chimodzi mwa zomwe anajambula chaka chimenecho, Collective Suicide, chikusungidwa ku Museum of Modern Art. Penti wa kugalaja, koma malo ake ndi imodzi mwa nyumba za zaluso zotchuka padziko lonse!

Bamboyu sanalinso wofatsa. Mu Meyi 1940 anatsogolera gulu la amuna amfuti lomwe linakawombera nyumba ya Leon Trotsky ku Mexico City. Trotsky anapulumuka usiku umenewo, koma munthu wina anadzamupha patangotha miyezi itatu.

Tibwerere ku New York. Pakati pa anyamata omwe ankathandiza pamalo a Siqueiros panali wina wa zaka 24, dzina lake Jackson Pollock, yemwe pofika 1947 anali atayala chinsalu chake pansi m'shedi ku Long Island, akudonthetsera penti wopentera nyumba ndi kamtengo. Chithunzi chake Number 17A chinagulidwa mu 2015 pamtengo wa madola pafupifupi 200 miliyoni.

Mukadzachiona chithunzi chake cha 1947 chotchedwa Full Fathom Five, mudzayandikire bwinobwino. M'kati mwa pentimo munamatirira misomali, mabatani, kiyi, ndalama zachitsulo, machesi, mpaka ndudu!

Mu 1973 boma la Australia linagula chithunzi chake china, Blue Poles, pamtengo wa madola a kumeneko 1.3 miliyoni, ndipo nyuzipepala zinakuwa kuti ndalama za misonkho zalowa m'madzi. Lero n'chimodzi mwa zomwe zimakokera anthu ku National Gallery of Australia ku Canberra. Mtengo wake tsopano amauwerengera m'mamiliyoni mazanamazana.

Nanga dzina la Janet Sobel munalimvapo? Anali mayi wa ana asanu, wobadwira ku Ukraine, wokhala ku Brooklyn, yemwe anayamba kujambula atapitirira zaka 40 osapondako kusukulu ya zaluso. Chithunzi chake chodonthetsera penti, Milky Way, ndi cha 1945, kutatsala zaka ziwiri kuti Pollock ayambe zake, ndipo Pollock yemweyo ntchito za mayiwa anaziona ndi maso ake.

Mu 1952 Helen Frankenthaler anasungunula penti mpaka kukhala madzimadzi, n'kumuthira pachinsalu chosapakidwa kanthu kuti alowerere mu ulusi. Panatuluka Mountains and Sea, chithunzi cha mamita pafupifupi atatu chomwe chinasokoneza mitu ya akuluakulu ambiri pa lusoli. Iye anali ndi zaka 23 zokha.

Mmodzi mwa omwe anachiona ndi Morris Louis wa ku Washington, ndipo atabwerera kwawo kajambulidwe kake kanasinthiratu. Ankagwirira ntchito m'chipinda chodyera cha nyumba yake, chosafika mamita anayi ndi theka, akupindapinda chinsalu kuti penti wa acrylic atsetsereke. Zithunzi zake zina zinali zazitali kuposa chipindacho, moti mwini wake sankatha kuzitambasula zonse kuti azione!

Louis sankalola munthu kumuonerera akugwira ntchito, n'chifukwa chake mpaka lero akatswiri amangoganizira mmene ankathirira. Penti wake anali wosungunula ndi turpentine, wa fungo loboola mphuno, ndipo ambiri amaloza chala nthunzi imeneyo pa khansa ya m'mapapo yomwe inamutenga mu 1962. Muzitsegula mawindo, abale: bamboyu anapita ali ndi zaka 49.

Sir Frank Bowling, wobadwira ku Guyana mu 1934, anachita kukhoma thandala lopendekeka m'situdiyo yake ku New York m'zaka za m'ma 1970, kuti azithira penti kuchokera m'mwamba mamita mpaka awiri. Mu 2005 anakhala munthu wakuda woyamba kusankhidwa kukhala membala wa Royal Academy of Arts ku London. Bungwelo n'kuti lili ndi zaka 237.

Tsopano penti mwini wakeyo: kodi mumadziwa kuti acrylic ndi pulasitiki? Otto Röhm wa ku Germany analemba kafukufuku wa digiri yake ya udokotala pa mankhwala a acrylic mu 1901, koma galasi lake losasweka chisawawa lotchedwa Plexiglas linadzatuluka mu 1933. Zaka 32 akupirira!

Pulasitiki wa banja lomweli ndi amene ankapangira mawindo a ndege zankhondo. Dokotala wa maso Harold Ridley anaona kuti tizidutswa take tikalasa oyendetsa ndege m'maso, diso silinkatikana, ndipo mu 1949 ku London anaika kagalasi ka pulasitiki koyamba m'diso la munthu wodwala ng'ala. Ngati agogo anu anachitidwa opaleshoni ya ng'ala, n'kutheka kuti akukuonani kudzera mwa mbale wake wa penti ameneyu.

M'banja la mapenti, acrylic ndi khanda. Woyamba wa akatswiri ojambula, Magna, anatuluka ku New York cha m'ma 1947, ndipo wosungunuka ndi madzi anafika m'masitolo m'zaka za m'ma 1950. Zithunzi zakale kwambiri za penti wa mafuta zili m'mapanga a ku Bamiyan ku Afghanistan, ndipo zatha zaka zoposa 1,300.

M'botolo la acrylic muli timibulu ta pulasitiki toyandama m'madzi, ndipo madziwo akauluka timibuluto timakanikizana n'kumatirirana kukhala kachikopa kamodzi. N'chifukwa chake penti wosauma mumamutsuka ndi madzi, koma akangouma madzi omwewo samugwedeza. Kambulu kamodzi sikafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita.

Musadzadandaule mukadzapeza m'mawa chithunzi chanu chitaderako. Pulasitikiyo amakhala wotuwa akadali m'madzi, akauma amaonekera mbee, ndiye mtundu weniweni umatulukira poyera. Penti amaphweranso, poti pafupifupi theka la zomwe mwathira ndi madzi opita mumpweya.

Nanga timaso tija timachokera kuti? Chinsinsi chake ndi kulemera: mitundu ya penti siilemera mofanana, ndiye wolemera akakhala pamwamba pa wopepuka amamira, wopepukayo n'kutumphuka m'timadontho tozungulira. Dzanja lanu silichitapo kanthu, wojambula apa ndi mphamvu yokokera zinthu pansi.

Tangoganizani, mmodzi mwa olemera kwambiri ndi woyera, yemwe m'maso amaoneka wopepuka kuposa onse! Ufa wake, titanium dioxide, umaposa madzi kulemera kanayi. Ufa wa penti wakuda wa carbon black sufika n'kawiri komwe.

Asayansi amalitcha khalidweli Rayleigh-Taylor instability, potengera Lord Rayleigh yemwe analifotokoza mu 1883 ndi G. I. Taylor yemwe anawonjezerapo mu 1950. Lamulo lomweli ndi limene limaumba chiutsi cha bomba la nyukiliya, komanso zingwe za mpweya za mu Crab Nebula, zotsalira za nyenyezi yomwe anthu anaiona itaphulika mu 1054. Zochitika m'kapu yanu zikuchitikanso kutali komwe kuwala kumatenga zaka 6,500 kuti kufike kuno.

Siqueiros ankangoti ndi kujambula kwangozi. Anthu awiri a pa yunivesite ya UNAM ku Mexico, Sandra Zetina wa mbiri ya zaluso ndi Roberto Zenit wa sayansi ya zamadzimadzi, anabwereza njira yake mu labu n'kupeza kuti ngoziyo ili ndi lamulo lake: wolemera pamwamba, wopepuka pansi. Zotsatira zawo zinasindikizidwa mu 2015, patatha zaka 79.

Ufa woyera uja umachokera ku miyala ya rutile ndi ilmenite. Ndiye tamverani izi: pansi pa minda ya ku Kasiya m'boma la Lilongwe pali rutile yemwe kampani yofufuza kumeneko imati ndi wochuluka kuposa kwina kulikonse kodziwika padziko. Akuyerekeza matani oposa 17 miliyoni.

Ufa womwewu muupezanso m'mankhwala ambiri otsukira mano, m'mafuta oteteza khungu ku dzuwa, m'mapepala, ngakhale m'mizere yoyera ya pamsewu. Unkalowanso m'masiwiti ndi m'chingamu kuti ziyere. Mayiko a European Union anauletsa m'zakudya mu 2022.

Mitundu ya buluu ndiye ili pachibale ndi ngozi. Prussian blue anatulukira mosayembekezeka ku Berlin cha m'ma 1706, phthalo blue anayamba ngati zinyalala m'thanki ya fakitale ina ku Grangemouth ku Scotland mu 1928, ndipo YInMn blue anatuluka mu uvuni ya pa Oregon State University mu 2009 anthu akufufuza za zipangizo zamagetsi. Ngozi zitatu m'zaka 300!

Phthalo blue ameneyu musamale naye, ndi wamphamvu mopanda ulemu: kadontho kake kamameza mitundu ina yonse m'kapu. Pakatikati pa kamolekyu kake kalikonse pali atomu imodzi ya kopa, chitsulo chomwe chimadyetsa dziko la Zambia.

Buluu wa ultramarine kale ankamupera kuchokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan, ndipo ku Ulaya nthawi zina ankadula kuposa golide. Mu 1828 Jean-Baptiste Guimet wa ku France analandira mphotho ya mafranki 6,000 atapeza njira yomupangira m'fakitale. Anatchipa mpaka kufika pokhala buluu wochapira zovala zoyera.

Ofuna maselo ambiri amadonthezamo mafuta a silicone, omwe akatumphuka amathamangitsira penti wapamwamba m'mbali, mtundu wapansi n'kusuzumira. Pamwamba pa zamadzimadzi pamakhala kukokana kwina, kuja kumachititsa tizilombo tina kuyenda pamadzi osamira. Pa muyezo wa asayansi madzi ali pa 72, silicone pa 21 chabe, ndiye wamphamvuyo amakokera kwake.

Oyamba kulifotokoza khalidweli sanali kuyang'ana penti, koma tambula ya vinyo. James Thomson anafotokoza mu 1855 chifukwa chake vinyo amakwera m'mbali mwa tambula n'kumatsika m'timadontho, ndipo Carlo Marangoni wa ku Italy anadzalifufuza mozama patatha zaka 10. Dzina la khalidweli linapita kwa wachiwiriyo.

Silicone mumupeza kuti? M'mafuta othira makina othamangirapo a ku jimu, ngakhalenso m'mafuta ena owalitsa tsitsi olembedwa dimethicone pabotolo. Koma dzanja liume: mukapyoza muyezo chithunzi chimadzaza maenje, pamene madontho awiri kapena atatu pa kapu akwana.

Anthu a ku Turkey lamulo la kukokana lija analidziwa kalekale. Pa luso lawo la ebru amawaza utoto pamadzi okhuthala n'kuyalapo pepala, ndipo chomwe chimautambasula utotowo ndi ndulu ya ng'ombe. UNESCO inalemba lusoli m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014.

Ku Japan ankayandamitsa inki pamadzi kale m'zaka za m'ma 1100. Ndipo popeza mapepala otere sakopereka, mu 1775 ndalama ya madola 20 ya ku America inasindikizidwa papepala la mtunduwu lomwe anapereka ndi Benjamin Franklin. Cholinga? Kukhaulitsa opanga ndalama zachinyengo.

Mwakopeka kale eti? Katundu wake si wambiri: mapenti a acrylic, timakapu, timitengo totakasira, magolovesi, chipulasitiki choyala patebulo, ndi chothirapo. Chinsalu chokhomera pafelemu n'chodula kwa wophunzira, pamene tailosi yotsala pomanga nyumba mutha kuipukuta zikakanika n'kuyambiranso maulendo onse omwe mungafune.

Penti wa m'chubu ndi wolimba, sangayende yekha, ndiye amafuna chomusungunulira chomwe m'masitolo amalemba kuti pouring medium. Chotchuka pakati pa othira penti, Floetrol, sanachipangire ojambula n'komwe, koma amisiri openta nyumba, kuti burashi isamasiye mizere pakhoma. Ambiri amathira magawo awiri a Floetrol pa gawo limodzi la penti.

Chikasowa chimenechi, guluu woyera wa PVA, uja akalipentala amamatira matabwa, amalowa m'malo. Kwa ine ndi wophunzirira basi, chifukwa pakapita zaka amatha kuchita chikasu, ndipo wogula wanu sadzaseka nanu. Muyezo wofala ndi magawo 7 a guluu pa magawo 3 a madzi, musanathire mu penti.

Kukhuthala koyenera n'kotani? Nyamulani kamtengo kotakasira, penti atsike ngati uchi wofunda, chingwe chimodzi chosaduka. Kamulu komwe akupanga pogwera m'kapu kazisowa pasanathe masekondi awiri kapena atatu.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo makanema ambiri amapadumpha pothamangira kukuonetsani mitundu ikuvina. Makapu onse akhale okhuthala mofanana. Apo ayi wamadzimadzi amathamanga kukagwera m'mphepete, wolimba n'kutsala ataunjikana pakati. Ine mutandipatsa zoti ndisankhe pakati pa penti wodula ndi kasikelo ka kukhitchini koyeza mpaka galamu imodzi, nditenga kasikelo.

Bwanji osangothira madzi okha, poti ndi aulere? Amasungunula ndithu, koma akachuluka amatalikitsa timibulu ta pulasitiki tija, ndipo penti amatha kusupuka kapena kuyoyoka akauma. Malangizo ofala ndi akuti asapitirire 30 peresenti.

Nanga penti azikhala wochuluka bwanji? Othira ambiri amawerengera mamililita 30 pa malo a masentimita pafupifupi 13 mbali zonse. Choncho tailosi ya masentimita 30 m'litali ndi m'lifupi imamwa mamililita pafupifupi 160.

Masamu ake amaluma mukayamba kukula mtima. Mukachulukitsa kawiri m'litali ndi m'lifupi, kuchoka pa 30 kufika pa 60, penti sachuluka kawiri ayi. Amachuluka kanayi!

Chida chomwe ophunzira amaiwala ndi levulo ya amisiri omanga. Penti amapitirizabe kuyenda kwa maola angapo inu mutachokapo, ndiye tebulo likapendekeka pang'ono chabe, m'mawa chithunzi chanu muchipeza chili pansi. Chothirapocho chikhalenso m'mwamba kuti zodontha zisachimatire kutebulo, ndipo miyendo yake ndi makapu anayi ozondotsa basi.

Mitundu ingati? Mtima umafuna yonse, koma wofiira akakumana ndi wobiriwira, kapena buluu ndi olenji, kapena chikasu ndi pepo, pamabadwa bulawuni yemwe simunamuitane. Yambani ndi itatu, woyera akhale wachinayi.

Njira yomwe ambiri amayambira ndi flip cup. Mumasanjikiza mitundu yonse m'kapu imodzi osatakasa, n'kuvundikira chinsalu pakamwa pa kapuyo, kenako n'kutembenuza zonse pamodzi kuti kapu ikhale mozondoka. Dikirani mphindi imodzi penti atsike, ndiye vundukulani: khuthu!

Mukamathira ndi pakamwa pa kapu, pali kanthu komwe kamapusitsa ambiri. Mtundu womwe munayamba kuika uli pansi, ndiye umatuluka pomaliza n'kukhala pakati pa chithunzi, pamene womwe munamalizira umakankhidwira m'mphepete komwe wambiri umakagwa. Mtundu womwe mumaukonda kwambiri ulowe m'kapu nambala wani.

Ofuna maselo osavutikira amakonda swipe. Mumayala mitundu yanu, kumtunda n'kuika mzere wa penti woyera, ndiye mumaukoka ndi pepala lonyowa kuti uphimbe inayo mopyapyala. Woyerayo pokhala wolemera amamira, maselo n'kumaphuka inu mukuona, m'masekondi ochepa chabe.

Ena amabwereka draya ya tsitsi. Pa Dutch pour amazunguliza mitundu ndi penti woyera wamadzimadzi, n'kuiuzira mphepo yozizira kuti imwazike mbali zonse. Magetsi akazima palibe vuto: kapaipi komwera zakumwa ndi mapapo anu zikwana, bola muziuzira, osakoka!

Chovuta kuposa zonse ndi kuleka. Kupendeketsa kulikonse kumakoka maselo: ozungulira amatalika, aatali amasanduka mizere, mizere n'kusungunukirana kukhala mtundu umodzi wosadziwika. Ndikamva munthu akuti "kamodzi kokha komaliza", ndimadziwiratu kuti chithunzicho chapita.

Nanga moto womwe mumauona m'makanema uja? Ndi katochi ka gasi ka ophika, ndipo ntchito yake ndi kuphulitsa thovu lomwe linalowa potakasa komanso kudzutsa silicone. Lawi lizingodutsa chapatali osaima pamodzi, sipiriti ali kutali. Amene alibe katochi angovundikira makapu ake, thovu lambiri limatuluka lokha pa usiku umodzi.

Acrylic wopaka ndi burashi amauma m'mphindi 20 kapena 30. Wothira ndi wochindikala, ndipo nthawi yonse yomwe akuuma fumbi, ntchentche ndi mphaka zimakhala zikumusirira, choncho muvundikireni katoni yaikulu, chala chanu chikhale m'thumba. Amafuna tsiku limodzi mpaka masiku atatu.

Musamuike padzuwa kapena pafupi ndi fani kuti aume msanga. Pamwamba pakauma pansi pasanaume, kachikopa kapamwambako kamakokeka n'kuchita ming'alu. Kutentha kwa Okutobala ndi mdani, koma kuzizira kwa Juni ku Dedza nakonso n'koopsa: timibulu tija timakana kumatirirana bwino pansi pa madigiri 10.

Penti wambiri amathera patebulo, koma musafulumire kumutaya. Akauma pa chipulasitiki chija amasupuka bwinobwino, ndipo ena amadula zikopa zimenezi n'kupangira ndolo, mphete ndi zovala m'khosi. Chithunzi chimodzi, malonda awiri!

Chomwe simuyenera kuchita ndi kutsukira makapu musinki kapena kumtsinje. Asiyeni aume, pentiyo mumusupule n'kumutaya m'bini. Lipoti la bungwe la Environmental Action la ku Switzerland linayerekeza mu 2022 kuti mapenti a mitundu yonse, a nyumba, a sitima ndi a pamsewu omwe, ndi amene amabweretsa tizidutswa tochuluka ta pulasitiki m'nyanja ndi m'mitsinje. Linati 58 peresenti.

Tsopano konzekerani funso lomwe mlendo aliyense adzakufunsani pabalaza: nanga izi si mwana angapange, ngakhale nyani? N'zoona kuti chimpanzi wina wa ku London Zoo, dzina lake Congo, anajambula zithunzi pafupifupi 400 m'zaka za m'ma 1950. Zitatu mwa izo zinagulidwa pa okushoni mu 2005 pamtengo wa mapaundi 14,400, tsiku lomwe ntchito za Renoir ndi Andy Warhol zinasowa ogula.

Koma musathamangire kuseka. Mu 2011 Angelina Hawley-Dolan ndi Ellen Winner a ku Boston College anaonetsa anthu zithunzi ziwiriziwiri, china cha katswiri, china cha mwana kapena nyama, nthawi zina atasinthanitsa dala maina a ojambula. Anthuwo ankalozabe cha katswiri kuti ndiye chabwino maulendo 6 kapena 7 pa 10 alionse.

Mmene ndimaonera ine, chithunzi choyamba chimakongola pafupifupi kwa aliyense, poti mphamvu yokokera pansi siisankha nkhope. Kusiyana kumadzaonekera pa kasankhidwe ka mitundu, pa kudziwa posiya mpata wopanda kanthu, ndi pa kulimba mtima kofufuta chosakoma. Morris Louis uja anawononga yekha zithunzi zake zambirimbiri za pakati pa 1955 ndi 1957.

Mabuku ambiri amati zojambula zopanda nkhope kapena chinthu chodziwika anaziyamba ndi Wassily Kandinsky cha m'ma 1911, koma mayi wa ku Sweden, Hilma af Klint, anali atayamba kale mu 1906. Iye analamula kuti ntchito zakezo zisaonetsedwe mpaka patatha zaka 20 iye atamwalira. Zitaonetsedwa ku Guggenheim ku New York mu 2018 ndi 2019, kunakhamukira anthu oposa 600,000.

Kapu ya penti nayo si ya dzulo. M'phanga la Blombos ku South Africa, ofukula zakale anapeza zigoba ziwiri za nkhono zam'nyanja momwe anthu ankasakaniziramo dothi lofiira, makala ndi mafupa opera, miyala yoperera ili pompo. Zaka zake? 100,000.

Kuno kwathu, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, Akafula anasiya mizere, mikombero ndi timadontho tofiira pamatanthwe, kalekale mawu oti situdiyo asanamveke. UNESCO inalemba deralo m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malo ojambulidwa alipo 127.

Latsala vuto limodzi: kumwamba kwa chithunzi chanu n'kuti? Musachite manyazi, chifukwa mu 1961 Museum of Modern Art inakoloweka Le Bateau ya Henri Matisse mozondoka, anthu oposa 100,000 n'kudutsa osaona cholakwika. Anadzatulukira ndi mlendo wina wongobwera kudzaona, patatha masiku 47.

Cha Piet Mondrian ndiye chinanyanya: New York City I chinakhala chozondoka zaka zoposa 75, mpaka anadzazindikira ku Düsseldorf mu 2022. Mukuganiza kuti anachitembenuza? Ayi, anaopa kuti timatepi take tomata tingayoyoke, ndiye anachisiya chomwecho.

Chanu chikauma, chikolowekeni mbali zonse zinayi musanasankhe, ndipo mukasankha lembani muvi kumbuyo kwake. Mafuta a silicone aja muwapukute ndi kansalu konyowa ka sopo pang'ono, poti vanishi sagwira pamafuta. Vanishiyo musafulumire naye: dikirani masabata atatu kapena anayi.